Mpeni wa Alamu ndi Abale Ake a M'katoni

Pamsika pathu pali nkhani imene imayenda yokha popanda woikankha. Amati a Chala, bambo wonenepa wa butchala ya pakona uja, anagulitsa mlamu wawo. Osati munthuyo ndi mafupa ake, ameneyo palibe angamugule, koma mpeni wake. Amati anatenga mpeni umene mlamuyo anawasulira ndi manja, n'kukaupereka mobisa kwa anthu a fakitale kuti aukope, iwo n'kulandira envulopu yonenepa. Ena amati envulopuyo ndi imene inagula firiji yaikulu ija. Mayi wina wogulitsa anyezi amachita kulumbira kuti anaona ndi maso ake, ngakhale tonse tikudziwa kuti chaka chimenecho anali asanayambe n'komwe kugulitsa pamsikapo.

Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo a Chala imawapweteka pa chifukwa chimodzi chokha: imawapatsa nzeru zimene alibe. Firiji ija anaipeza momwemo, inasiyidwa ndi mwini butchala wakale, ndipo imalira ngati thirakitala yokwera phiri.

Dzina lakuti Chala linachokera pasikelo. Akamayeza nyama, chala chawo chachikulu cha kumanja chimakonda kutsalira pambale ya sikelo. Iwo sakana. Amati chalacho chimagwira ntchito kuposa zinzake zonse, ndiye chikatopa chimafuna popumira, ndipo sikelo ndi imene ili pafupi. Makasitomala anazolowera. Amangoti, "Bambo, chalacho sindikugula," iwo n'kuchichotsa mwaulemu ngati munthu amene wakumbutsidwa kuvula chipewa.

Sukulu anaisiya msanga. Tsiku limene masamu anayamba kulowetsamo zilembo, iwo anaona kuti aphunzitsi asokonezeka, ndipo anawasiya kuti apume. Anayamba ndi kusenza miyendo ya ng'ombe pamsana kuchokera pagalimoto kukalowetsa m'butchala, kenako kutsuka matumbo, kenako kudula mafupa, mpaka mwini wake atakalamba anawasiyira kauntala. Pakati pa zonsezi anakwatira, ndipo mkaziyo anabwera ndi mchimwene wake wamkulu, munthu wosula zitsulo.

Mlamuyu anthu amamutchula kuti a Bweranimawa. Ndi wowonda ngati waya, wosalankhulalankhula, ndipo chipala chawo chili kuseri kwa magalaja, m'kachisakasa ka malata akuda ndi utsi. Amatola masipuling'i a magalimoto akufa, kuwawotcha pamakala, kuwamenya ndi nyundo mpaka asanduke mipeni. Mpeni uliwonse amaudinda kachizindikiro pafupi ndi pogwirira, kaphazi ka nkhuku ka zala zitatu. Ukapita kukafunsa ngati wako watha, sakuyang'ana n'komwe. Amangoti, "Bwerani mawa." Mpeni umene analonjeza a Chala ngati mphatso ya ukwati unafika mwana woyamba akukwawa.

Koma unali mpeni. Unkalowa pakati pa mnofu ndi fupa ngati ukudziwa njira. Chigumbu chake, pogwirira paja, chinali cha mtengo wolimba, chowongoka bwino, chokhomedwa ndi timisomali tamkuwa. A Chala anaugwiritsa ntchito mpaka mwana wokwawa uja anamera ndevu. Lachiwiri lililonse a Bweranimawa ankazungulira msika ndi mwala wonolera m'kachikwama, ndipo ankayambira pabutchala. Kunola kwa zaka zonsezo kunadya chitsulo, mpeni umene unali wotambalala ngati tsamba unatsala wowonda ngati nthenga. Kaphazi ka nkhuku kanafufutika chala chimodzi. Ndipo pachigumbu, pamene chala chotchuka chija chinkakanikiza tsiku ndi tsiku, panakumbika kadzenje kosalala, konyezimira ndi mafuta.

Akazi a a Bweranimawa atamwalira, bamboyo anayamba kudya kwa mlongo wake Lamlungu lililonse masana. Ankakhala pampando wa pawindo, wa mwendo womangidwa ndi waya, kudya mwakachetechete, kenako n'kunena kuti mchere wachuluka. Mayi a kunyumba ankadikira mawu amenewo ngati malipiro. A Chala nawo, ngakhale sakanavomera pagulu, sabata yawo inkaima pa mpando umenewo. Iwo amalankhula ngati wailesi, ndipo m'dziko lonse munthu amene ankawamvetsera mpaka kumapeto osawadula anali mlamu wawoyo. Mwina ankangotafuna, koma a Chala ankati n'kumvetsera.

Tsono tsiku lina kunabwera munthu wansapato zowala. Pamsika pathu pali matope ngakhale m'chilimwe, koma nsapato zake zinafika pakauntala zilibe kadontho. Sanagule msanga. Anaima n'kumayang'ana a Chala akusenga nthiti.

"Bwana," anatero, "ine ndayenda. Koma dzanja ngati lanuli sindinalione."

A Chala anakoka mimba n'kuyamba kudula mokongoletsa, chigongono m'mwamba.

"Ndi zaka izi, achimwene. Sizophunzira m'buku."

"Zikuoneka. Nanga mpeniwo? Ndingaugwireko?"

Anaugwira ndi manja awiri ngati khanda. Anati kampani yawo ikusonkhanitsa zida za akatswiri enieni, azijambule, anthu akutali aone mmene ntchito imagwiridwira. Anapempha kuti aubwereke masiku ochepa.

Apa munthu wanzeru akanafunsa kuti kampani yanji, ili kuti, mwini mpeni mwamufunsa? A Chala anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga chithunzi changa chikhalapo?"

"Chachikulu, bwana."

Anaukulunga okha m'nyuzipepala, n'kuwonjezerapo chiwindi chaulere. Lachiwiri limenelo anauza alamu awo kuti mpeni auiwala kunyumba. Ndipo kunena zoona, wansapato uja sanali wakuba wamba. Anaubweza, wokutidwa m'pepala lofewa, pamodzi ndi mphatso: chipewa chofiira. Chipewacho sichinalowe m'mutu. Za chithunzi anati wojambula akubwera, ndipo a Chala anameta ndevu m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu.

Mvula itatha, kunabwera makatoni. Mavenda anadzaza m'misewu ya msika atakoleka mipeni pamakatoni ong'ambidwa, akukuwa kuti mpeni wa akatswiri pamtengo wa sopo. A Chala atauona koyamba anauzindikira pomwepo. Unali mpeni wawo. Osati monga unalili uli watsopano, koma monga unalili tsiku limene unabwerekedwa: wowonda ngati nthenga, kaphazi ka nkhuku ka zala ziwiri, ndipo pachigumbu chakuda cha pulasitiki panali kadzenje. A fakitale anaika nkhalamba m'chikombole n'kutulutsa nkhalamba zikwizikwi. Amayi a tomato, anyamata a tchipisi, ophika m'malesitilanti, onse anayamba kugwira mpeni wokhala ndi malo a chala cha munthu wina, ena n'kumatamanda kuti azungu amaganiza patali.

Lachiwiri a Bweranimawa anafika ndi umodzi m'manja. Anauika pachipika chodulira nyama, pambali pa weniweni. Firiji inalira. Ntchentche inatera pa wina, n'kuulukira pa winawo, nayonso osaona kusiyana.

"Munabwereka ndani?"

"Munthu wina, alamu. Waulemu wake. Wansapato."

"Anakupatsani chiyani?"

"Chipewa."

"Chili kuti?"

"Sichilowa."

A Bweranimawa anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamutu wosalowa chipewawo mpaka pamimba.

"Mukanakhala kuti munagulitsa, ndikanakwiya," anatero. "Koma izi ndi matenda. Munthu sakwiyira wodwala." Anatola wa pulasitiki uja n'kuyang'anitsitsa chizindikiro. "Ngakhale nkhuku yanga aidula chala."

Lamlungu anabwera, anadya, anati mchere wachuluka. A Chala anapuma.

Koma kuchipala zinthu zinasintha. Ophika achinyamata amene kale ankapirira mawa ndi mawa anasiya kubwera. Adikiriranji miyezi pamene pakona pali wofanana nawo, wachizindikiro chomwecho? Moto unayamba kuyatsidwa mwa apo ndi apo. A Bweranimawa sanadandaule kwa munthu, anangoika lamulo limodzi: mipeni ya m'katoni sanola, ngakhale uwalipire kawiri. Ndipo amene anakhala mlaliki wa lamuloli anali a Chala. Venda akangoyandikira butchala ankamutulukira ndi epuloni yamagazi.

"Choka apa ndi malata akowo! Mukudya thukuta la munthu wamoyo, inu! Wogula ndi wakuba n'chimodzimodzi!"

Ankakuwa mokweza kuti mawu akafike kuseri kwa magalaja. Tsiku lina anachititsa manyazi mayi wa anyezi uja pagulu, mpaka mayiyo anabisa mpeni wake pansi pa thumba.

Kenako mpeni wakale unathyoka. Unalowa m'mfundo ya ntchafu ya ng'ombe monga mwa masiku onse, n'kungoti thyo, theka m'manja theka m'nyama. A Chala anakhala pakreti ngati alandira uthenga wa maliro. A Bweranimawa anatenga zidutswazo, ndipo chinachitika n'chimene sichinachitikepo chiyambire: mwezi usanathe anabwera ndi watsopano. Wotambalala, wonyezimira, nkhuku ya zala zonse zitatu, chigumbu cha mtengo chowongoka ngati mzere wa sukulu.

A Chala anauonetsa msika wonse. Koma dzanja linaukana.

Chala chinkafufuza kadzenje kake n'kupeza phiri. Tsiku loyamba chinafiira, lachitatu chinatuluka thuza, thuzalo linaphulika n'kubala linzake. Mkono unayamba kuwawa kuyambira pamfundo mpaka paphewa. Nyama inkatuluka yokhotakhota.

"Bambo, lero mwadula ndi mano?" anafunsa kasitomala wina.

Iwo anangoseka nawo. Akanauza bwanji alamu kuti mpeni umene anausula mothamanga, koyamba m'moyo wawo, ukuwaluma?

Masana ena kunja kukutentha, msika uli zii, venda wina wachilendo amene sankadziwa za ulaliki uja anaima pakhomo. A Chala anatambasula dzanja kuti atenge umodzi, cholinga chawo chinali kuutukwana bwinobwino ali nawo m'manja. Anaugwira. Chala chinatsetsereka chokha n'kukagwera m'kadzenje, thuza ndi thuza lomwe, ngati munthu wobwera kuulendo amene wapeza bedi lake lili momwe analisiyira. Mkono wonse unati phee.

Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Ndikufuna umodzi wa umboni," anatero. "Pali mlandu."

"Wa umboni ndi mtengo womwewo, bwana," anatero vendayo.

Anauika m'dirowa ya pansi pa sikelo, pansi pa mapepala okulungira nyama. Tsiku limenelo sanaugwire. Mawa lake anangouyesa pa chiwindi. Mkuja wake n'kuti ukugwira ntchito yonse, ndipo wa alamu utapachikidwa pamsomali pakhoma, poonekera, ngati satifiketi.

Chitsulo chake chinali chabodza, zimenezo sitingabise. Pofika masana chinkakhala chitabuntha, ndipo a Chala ankachikwecha pa tupa kambirimbiri ataweramira kuseri kwa kauntala. Koma dzanja linali pamtendere, ndipo mutu unayamba ntchito yake yopeza zifukwa. Munthu amene masamu anamukanika anasanduka loya. Ankadziuza kuti: kodi alamu anasula mpeni wowonda chonchi? Ayi, anauwondetsa ndi mwala. Kodi anakumba kadzenje? Ayi, ndinakumba ine, ndi chala changa, zaka zonsezi popanda wondilipira. Ndiye pamenepa chabedwa n'cha ndani? Ine sindinagule mpeni wa alamu. Ndagula chala changa chomwe. Munthu angaimbidwe mlandu wogula chala chake?

Mlanduwu ankaupambana tsiku lililonse, chifukwa woweruza anali iwo omwe. Unkangowavuta Lolemba madzulo, akakumbukira kuti mawa kukubwera mwala wonolera, ndipo mpeni wa pakhoma udakali wakuthwa monga anausiyira mwini wake sabata yatha.

Apa ndi pamene anachita chinthu chimene amati akachikumbukira amafuna kulowa m'firiji n'kudzitsekera. Ankatseka chitseko cha butchala, kutsitsa mpeni wa alamu, kugwada ndi mimba yonseyo, n'kuukwecha pasitepe ya simenti kuti ubunthe. Kenako ankatenga mafuta a ng'ombe n'kupaka pachigumbu kuti chioneke chogwiridwa. Bambo wa ana akuluakulu, kubunthitsa dala mpeni wabwino kuposa yonse m'tauni, kuti asunge malo a mpeni wa malata.

Lachiwiri loyamba a Bweranimawa anangonola. Lachiwiri linalo anayendetsa chikhadabo pa mpeniwo, n'kuyang'ana a Chala, n'kunola. Lotsatira lake anaika mwala pansi.

"Alamu, ng'ombe zanu masiku ano zikudya chiyani?"

"Udzu, alamu. Bwanji?"

"Ndimayesa simenti."

A Chala anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira.

"Fupa limaluma mpeni apa ndi apo," anapitiriza a Bweranimawa. "Uwu wadyeka mofanana kuyambira kunsonga mpaka kuchigumbu. Ndipo mafuta a dzanja amalowa m'mtengo. Awa angokhala pamwamba ngati opaka mwana." Anatambasula dzanja lawo lakuda, la zipsera za moto. "Tandionetsani chala."

Panalibe kothawira. Chala chinatuluka kuseri kwa epuloni, chosalala, chonenepa, thuza litapola kalekale. Chinali chala chosangalala, ndipo chinawapereka eni ake popanda manyazi.

"Chapola bwanji?"

"Mankhwala, alamu."

"Ali m'dirowa?"

A Chala anatsegula okha. A Bweranimawa sanaugwire n'komwe. Anangouyang'ana uli pakati pa mapepala, ndi nkhuku yake yolumala.

"Mayi wa anyezi akagula, ine ndilibe naye mawu," anatero motsitsa. "Sadziwa kumene kuli chipala changa. Akufuna chodulira anyezi, ndipo wanga sangaukwanitse. Koma inu mukudziwa dzanja limene linapsa. Mumadya nalo mbale imodzi."

Anatenga mpeni weniweni uja, anaunola bwinobwino mpaka unameta ubweya wa pamkono, anaupachika pamsomali pake, n'kutuluka. Sanati bwerani mawa.

Lamlungu mpando wa pawindo unakhala wopanda munthu. Mayi a kunyumba anaika mbale yake, anaiyang'ana, anaibweza m'kabati. A Chala anayesa kunena kuti mchere wachuluka, kuti mwina pakhale ngati pali munthu.

"Inu musayerekeze," anatero mayiwo.

Lamlungu linalo zinali chimodzimodzi. Lachiwiri mwala wonolera unayambira kwa ogulitsa nsomba n'kudumpha butchala. A Chala anayamba kulankhula ndi firiji. Kunyumba chakudya chinkafika patebulo ndi mkokomo. Tsiku lina masana analowa m'khitchini kuti akadziteteze, atakonzeka ndi mfundo zonse za uloya zija, n'kupeza mkazi wawo akudula kabichi. Anayang'ana m'manja mwa mayiwo. Chigumbu chakuda. Kadzenje.

"Mayi! Nanunso?"

"Nanenso chiyani? Ndinagula kale inu musanagule. Achimwene anandilonjeza wanga ndili ndi mimba ya mwana wachiwiri. Ndizidula ndi lonjezo?"

A Chala anamva mtima kupepuka. "Ndiye tili awiri. Mlandu wagawika."

"Sunagawike. Ine sindinabwereke munthu wansapato. Sindinaime pamsika kutukwana anthu. Ndipo sindinagwade pasimenti." Mayiwo analoza chitseko ndi mpeni womwewo. "Ine mchimwene wanga ndi mmodzi, ndipo akudya buledi wouma m'chisakasa chifukwa cha chala chanu. Pitani mukamutenge. Mukalephera, mukagone m'firiji mwanu."

Anapita m'mawa mwake, mipeni yonse iwiri ili m'thumba la pulasitiki. Kuseri kwa magalaja anapeza moto uli wochepa, a Bweranimawa akuwongola chitsulo cha geti ya munthu, ntchito imene kale ankaikana. Sanatukule mutu.

"Alamu, ndabwera."

"Ndamva. Nthaka inagwedezeka."

A Chala anakhala pa injini yakufa imene imagwira ntchito ya mpando. Anali atakonza kupepesa, koma pakamwa pawo pali chizolowezi choyamba ndi zolakwika.

"Komatu alamu, tikanena zokopa, nanunso kapangidwe kameneka munakatengera kwa mkulu amene anakuphunzitsani kusula uja."

"Ndinatengera." Nyundo inagunda. "Ndinamupopera mvukuto mpaka mapewa anapindika. Tsiku limene ndinasula wanga woyamba ndinapita nawo kwa iye, anautaya m'madzi, ndinasula wina. Atamwalira ndinanyamula nawo bokosi. Wansapato wanu adzanyamula langa?"

"Chabwino. Koma kadzenje kaja n'kanga. Pamenepo musakane."

"Sindikukana. Ndiye kuti anakuberani nanunso. Kusiyana kwake, ine atandibera sindinapite kukawathokoza ndi ndalama."

Loya wa m'mutu uja ananyamula mabuku ake n'kuthawa. A Chala anatsala okha.

"Unkandipweteka, alamu," anatero. "Watsopanowu. Chala chinatupa, mkono sunkagona. Ndinaopa kukuuzani. Munausula mwamsanga, ndinaona ngati ndikanena ndiye kuti ndakutukwanani."

Nyundo inaima.

"Ndiye munaona kuti kuukwecha pasimenti ndi ulemu."

"Panthawiyo zinkaoneka choncho."

A Chala, poona kuti sanathamangitsidwe, anaganiza zothandiza.

"Ndinaganiza kuti mwina mungachotse chigumbu cha pulasitikichi n'kuchiika pa wanuwu. Chitsulo chanu, kadzenje kanga. Aliyense apeze zake."

Maso amene a Bweranimawa anawayang'ana nawo, a Chala amati mpaka lero akawakumbukira amamva kutentha kumaso.

"Nkhuku yanga ivale pulasitiki?"

"Ndimangoyesa."

"Bweretsani kuno dzanjalo."

Anawagwira pamkono ngati mwana wopita naye kukabayitsa jakisoni, anapaka chala chija mwaye wa pansi pa chipala mpaka chinada bii, n'kuwapatsa mpeni weniweni.

"Gwirani ngati mukusenga nthiti. Osati ngati mukujambulitsa."

A Chala anagwira. Atatsegula dzanja, pachigumbu panatsala chidindo chakuda. A Bweranimawa anatenga tupa waung'ono n'kupala pokhapo pamene panada, pang'ono chabe, fumbi la mtengo losadzaza ngakhale chikhadabo. Anapakanso mwaye, a Chala anagwiranso, anapalanso.

"A fakitale anaba dzenje," anatero akupala. "Chokumbira anachisiya. Chili pa inu pomwepa, chikungonenepa."

Atapala kachitatu anapukuta manja n'kuika mpeniwo pashelefu.

"Bwerani mawa."

A Chala amati sanamvepo mawu okoma ngati amenewo.

"Nanga uwu?" anafunsa, akutulutsa wa m'katoni uja.

A Bweranimawa anaulandira ndi zala ziwiri, anauyang'ana uku ndi uku, kenako anatukula phazi n'kupala nawo matope a kunsi kwa nsapato. Anaubaya m'nthaka pafupi ndi khomo.

"Ntchito yake yapezeka."

Mawa limenelo linabala mawa lina. Kwa milungu ingapo a Chala ankatseka butchala masana, kupita kuseri kwa magalaja, kudetsedwa chala, kugwira, kudikira, uku akulankhula za mitengo ya ng'ombe, za firiji, za mwana amene safuna kukwatira, ndipo a Bweranimawa ankapala kafumbi kamodzi n'kunena mawu awo aja. Ntchito imeneyo ikanatha tsiku limodzi, ndipo onse awiri ankadziwa. Pa nthawi yonseyo nyama ya pabutchala inkadulidwa ndi chikwanje, zidutswa zake ngati zogwa pangozi, ndipo makasitomala ankapeza chidindo chakuda pambale ya sikelo. Kwa nthawi yoyamba chala chija chinayamba kusiya umboni.

Tsiku limene anawapatsa mpeniwo, kadzenje kanali kosaya. Chala chinakhalamo, koma ngati mlendo pampando wa eni ake.

"Sikanafike, alamu."

"Kotsalako mumaliza nokha. Koyamba kaja munakumba ndi tupa?"

"Pofika nthawi imeneyo ndidzakhala ndilibe mano."

"Mumadula ndi mano?"

Lamlungu mpando wa pawindo unalira waya wake. Mayi a kunyumba anali atabisa mpeni wawo m'thumba la mpunga kusanache bwino. A Bweranimawa anadya mwakachetechete, anatola kachidutswa ka anyezi m'mbale, anakayang'ana mbali zonse, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Anyezi awa sanadulidwe. Aphwanyidwa."

"Idyani, achimwene."

"Ubwere mawa," anatero, kenako anawonjezera kuti mchere wachuluka.

Musaganize kuti makatoni anatha. Akadalipo, ndipo tsopano kuli ofiira ndi obiriwira. Ophika achinyamata sanabwerere kuchipala, ndipo a Bweranimawa akuwongolabe mageti. Mpeni wa mlongo wawo sunathe mpaka lero. A Chala anasiya kulalikira. Venda akadutsa amangoyang'ana kudenga, ndipo mayi wa anyezi amadula ndi wake poyera, n'kumafalitsa nkhani ya envulopu pobwezera manyazi aja. Chipewa chofiira chili pamsomali pamwamba pa sikelo, pamene a Chala anachipachika okha kuti azichiona akamva munthu akuwatchula kuti bwana.

Sabata yatha kasitomala wina watsopano, atamva nkhaniyo kwa a tomato, analimba mtima n'kufunsa.

"Bambo, n'zoona zoti munagulitsa mpeni wa alamu anu kwa a fakitale?"

A Chala anachotsa chala pasikelo, anapukuta mpeni pa epuloni, n'kuloza nawo chipewa chija.

"Kugulitsa? Amayi, wogulitsa amakhala ndi nzeru. Ine ndinapereka ulere, ndinawonjezera chiwindi, kenako ndinakaugula ndi ndalama zanga. Kawauzeni zimenezo. Mukufuna ya mafupa kapena mnofu?"